Kompyuta yomanga ndekha yatha miyezi 14 ku Matawale: purosesa ili bwino, nkhondo ndi kutentha ndi fumbi

Mu Julaye chaka chatha ndinamanga kompyuta yanga yoyamba patebulo la pabalaza kuno ku Matawale, ku Zomba, ndipo anzanga akhala akufunsa ngati ikadali ndi moyo. Ilipo, ndipo ndi imene ikundidyetsa. Ntchito yanga ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, kupanga makadi oitanira anthu ndi mapulogalamu a maliro, nthawi zina kutayipira ophunzira a ku Chanco. Imayaka m'mawa, kuzima usiku, kupatula Lamlungu.

Mkati mwake muli purosesa ya AMD Ryzen 5 5600G, motherboard ya B550, RAM ya DDR4 ndi SSD ya NVMe. Izi anandibweretsera achimwene anga kuchokera ku Johannesburg, pomwe kesi ndi power supply ndinakagula ku Limbe. Ndinasankha 5600G chifukwa cha chilembo G chakumapetocho. Chimatanthauza kuti purosesayo ili ndi graphics zakezake mkati, za Radeon, moti chingwe cha monitala mumangolumikiza ku motherboard popanda kugula graphics card, imene mtengo wake ukanandithyola msana. Ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, imayambira pa 3.9 GHz n'kukwera mpaka 4.4 GHz ikapanikizidwa, ndipo anailembera mawati 65. Pa mavidiyo a 1080p sindidandaula. Ndimatha kusiya vidiyo ya ukwati ya maola awiri ikupsa, ndiko kuti kompyuta ikuimalizitsa kukhala fayilo imodzi, uku ndikupanga khadi, mbewa osanjenjemera.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Choyamba, ndinayamba ndi RAM imodzi ya 8GB poganiza kuti ndidzawonjezera ndalama zikapezeka. Graphics za mkati mwa purosesa zilibe memory yakeyake, zimabwereka ku RAM, ndiye RAM ikakhala imodzi zimakhala ngati magalimoto onse akudutsa pa mlatho wa njira imodzi. Nditaika yachiwiri yofanana nayo, m'mipata yachiwiri ndi yachinayi kuchokera pa purosesa monga buku la motherboard likunenera, kenako n'kuyatsa XMP (chosankha chokwezera liwiro la RAM) mu BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa motherboard, kuti ziziyenda pa liwiro la 3200, vidiyo inasiya kudukiza. Kompyuta yomweyo, koma ngati ina. Chachiwiri, 5600G imalekezera pa PCIe 3.0 (Gen 3), njira imene imalumikizirana ndi SSD, choncho SSD yodula ya Gen 4 iziyenda pa liwiro la Gen 3 basi. Ndalama imeneyo ndi bwino kuiika ku RAM. Mavidiyo a 4K amene anthu ayamba kujambula ndi mafoni amailemera ndithu, ndimayamba ndawapangira ma proxy, makope opepuka ogwirira ntchito.

Koma nkhani yeniyeni ndi kuziziritsa. Ndinamanga kompyutayi nthawi ya chiperoni, pomwe nkhungu imaphimba phiri mpaka masana ndipo tonse tili m'majuzi. M'bokosi la purosesa mumabwera choziziritsira chaching'ono, Wraith Stealth, chopakidwa kale thermal paste, phala lothandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku choziziritsira. Kuchiika n'kosavuta: mumachotsa timapulasitiki tiwiri ta pambali pa soketi, chitsulo cha kuseri kwa motherboard n'kuchisiya pomwepo, kenako mumamanga masikuluwu anayi pang'onopang'ono modumphitsa, ili kenako la pangodya yotsutsana nalo. Pulogalamu ya HWiNFO inkandionetsa madigiri a m'ma 60 ndikamapsereza vidiyo, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Okutobala atafika ndinadziwa kuti ndinayeza nthawi yolakwika. Chipinda changa n'cha malata opanda siling'i, ndipo ikamakwana 2 koloko masana ngakhale mpando umatentha. Choziziritsira chilichonse chimagwiritsa ntchito mphepo ya m'chipindamo, sichingapange yake yozizira. Manambala anakwera kufika 88, tsiku lina 90, pomwe malire a purosesayi ndi 95. Ikayandikira pamenepo siipsa, imangodzichepetsera liwiro kuti idziteteze, ndiye ntchito imachedwa nthawi yomwe maukwati achuluka. Fani inkalira mpaka mayi a kunyumba kufunsa ali kukhitchini ngati ndayatsa makina ometera. Choziziritsiracho sindikuchida, chinkagwira ntchito imene anachipangira. Chipinda changa ndicho chinafuna chachikulu.

Mu Novembala ndinagula choziziritsira chansanja, cha mapaipi anayi a kopa ndi fani ya 120mm. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna mumve bwino. Ndinachotsa chakalecho m'mawa kompyuta isanayake, thermal paste itagwira ngati guluu. Nditamasula masikuluwu ndinangokoka m'mwamba, ndipo purosesa inazuka m'soketi itamatirira kunsi kwa choziziritsira, kachitsulo kotsekera kadakali kotseka. Pa AM4, mtundu wa soketi ya purosesayi, timapini tili pa purosesa penipeni, osati pa motherboard, ndipo nditaitembenuza ndinaona tiwiri ta pangodya tapindika. Mtima unagunda. Ndinaimbira mnzanga wokonza mafoni ku Chinamwali, iye n'kuti: "Achimwene, musaikakamize kulowa. Khalani pansi kaye, ndikubwera."

Anabwera ndi galasi lokulitsa. Ine ndinagwira tochi ya foni, iye anatenga lezala n'kuliyendetsa pakati pa mizere ya timapini, mopepuka ngati akupalira mbande, kenako kusuzumira cham'mbali ngati mzere wawongoka. Panatha theka la ola palibe wolankhula. Ataiika pa soketi, kachizindikiro ka makona atatu kataloza kanzake, inangotsetsereka yokha popanda kuikankha. Ndinapuma. Njira yoyenera ndi iyi: yatsani kompyuta igwire ntchito mphindi khumi kuti paste ifewe, zimitsani, zulani pulagi, masulani masikuluwu, kenako potokolani choziziritsira pang'ono uku ndi uku chisanakwezedwe.

Kuika chatsopanocho kunayenda bwino. Tinapukuta paste yakale ndi isopropyl alcohol ndi kansalu kosasiya ulusi, tinamatula kapepala kapulasitiki kamene kamakhala kunsi kwa choziziritsira chatsopano, kamene anthu ambiri amaiwala, ndipo tinadontheza paste pakati pa purosesa kukula ngati njere ya nandolo. Simufunika kuipaka ndi chala, imafalikira yokha mukamanga. Fani iyenera kukankhira mphepo kudutsa m'zitsulo kulowera kumbuyo kwa kesi komwe kuli fani yotulutsa, ndipo chingwe chake chilowe polembedwa CPU_FAN. Musanagule yezani kesi yanu, poti zansanjazi zimatalika masentimita 15 kapena kuposa, chitseko chikhoza kukana kutseka. Sabata yomweyo, kutentha komweko, manambala anatsika kufika m'ma 70 ndipo phokoso linatha.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mphepo imanyamula dothi la mumsewu kulowa nalo m'nyumba, ndipo poyamba kesi ndinkaiika pansi, pomwe tsache limadutsa m'mawa uliwonse. Nditatsegula patatha miyezi itatu ndinapeza zitsulo za choziziritsira zitavala bulangete lofiirira. Tsopano kesi ili pamwamba pa tebulo, kutali ndi zenera. Kutsogolo ndinaika mafani awiri olowetsa mphepo kudzera pa kasefa, kumbuyo imodzi yotulutsa, kuti mphepo yolowa ichuluke kuposa yotuluka ndipo fumbi lisamalowere m'ming'alu. Kasefako ndimatsuka masabata awiri aliwonse m'chilimwe. Kamodzi pamwezi ndimatulutsa kesi pakhonde n'kuipemerera ndi blower, chala chitagwira fani kuti isazungulire mopitirira. Power supply siitsegulidwa, imasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Za magetsi sindichulutsa mawu, tonse tikudziwa. Atathima kawiri ndili pakati pa ntchito ya kasitomala ndinagula UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima. Siyogwirira ntchito, ndi yongokupatsani mphindi zosungira zimene mukuchita n'kuzimitsa bwino. Apa kusowa kwa graphics card kumandithandiza, chifukwa kompyuta yonse imadya magetsi ochepa. Purosesayi imalolanso kuitsitsa kufika mawati 45 mu BIOS, ndipo masiku otentha kwambiri ndimachita zimenezo: liwiro limatsika pang'ono, kutentha kumatsika kwambiri. Nthawi ya dzinja, mitambo ikangoda kuphiri ndi mabingu kuyamba, ndimazula mapulagi onse kukhoma. Mphezi ya ku Zomba sindiyesa nayo mwayi.

Kodi ndingaigulenso? Pa ntchito ngati yangayi, inde, koma ndingagule RAM ziwiri tsiku loyamba ndi choziziritsira chansanja nthawi yomweyo, kuti purosesa ndiiike kamodzi osaigwiranso. Amene akufuna magemu olemera kapena 4K tsiku ndi tsiku aganizire Ryzen 5 5600 yopanda G, imene ili ndi cache (memory yothamanga ya m'kati mwa purosesa) ya 32MB m'malo mwa 16MB, koma iyo sionetsa chithunzi pa monitala popanda graphics card. Okutobala wachiwiri ali pakhomo, maukwati anayi alembetsa kale, ndipo Loweruka likubwerali akalipentala akubwera kudzayeza siling'i ya chipinda chogwirira ntchito.