Nambala ya Area kapena dzina la mfumu: Lilongwe timamugawa pawiri

Mukafunsa munthu mu Lilongwe kuti amakhala kuti, mumva mayankho awiri. Wina ati ku Area 25, wina ati kwa Kabudula.

Manambalawa ndi a mumzinda, womwe unakhala likulu la dziko mu 1975. Ubwino wake ndi pa mapepala: msonkho wa khonsolo, bilu ya madzi, puloti. Area ikakula amaidulanso, n'chifukwa chake pali 18A ndi 18B, pali 25A, B ndi C, ndipo Area 47 ili ndi masekita. Koma manambalawa satsatana ngati masitepe, moti mlendo wofuna Area 47 akaganiza kuti ili kutali kuposa 25 wasokera kale. Ndiponso kondakitala wa minibasi sakuitanirani Area 7, amakuwa kuti Kawale!

Kunja kwa mzinda, boma la Lilongwe limagawidwa mwa mafumu: mfumu yaikulu monga Chadza, Kalolo, Malili kapena Tsabango, pansi pake magulupu, kenako anyakwawa. Apa malire si msewu koma mtsinje, dambo, mtengo wa mkuyu umene agogo ankaudziwa. Malire otere amabala milandu ya minda, zoona, koma ali ndi mwini wake woti mukamugogodere.

Ine ndimakondera za mafumu. Maliro akagwa, nambala siikupatsani manda. Mumapita kwa amfumu, kugwada, n'kunena kuti zatigwera. Ngakhale polembetsa chiphaso cha unzika amakufunsanibe mudzi wanu ndi mfumu yaikulu, angakhale munabadwira ku Biwi.