Umembala wa kalabu ya magalimoto akale: nyenyezi 4 mwa 5

Ndapereka nyenyezi zinayi, ndipo pafupifupi zonsezo ndi za masiku a Loweruka a kugalaja. Yachisanu yagwera m'kalata yawo ya nkhani komanso m'kaweruzidwe ka pachionetsero. Anthu angapo akhala akundifunsa ngati kulipira umembala wa kalabu yotere kuli ndi phindu, kapena kumangokhala kugula sitika yomata pagalasi. Ndakhalamo kupitirira chaka, ndaona misonkhano, maulendo, chionetsero ndi malonda a masipeya, ndiye ndingathe kuyankha. Dzina la kalabu sinditchula, poti ena amene ndiwadandaule pano ndi omwewonso amandibwereka masipanala.

Galimoto yanga ndi Morris Minor 1000 ya mu 1964, ya zitseko zinayi, injini ya 1098cc. Anajambula mapulani ake ndi Alec Issigonis, yemwenso anadzajambula a Mini ya mu 1959, ndipo kuyambira 1948 mpaka 1971 anapanga ma Minor pafupifupi 1.6 miliyoni. Pachifukwa chimenechi masipeya ake si osowa kwenikweni, ukadziwa kofunsa. Chosowa ndi munthu woidziwa. Makaniko wa lero amafika ndi kompyuta yake, kusuzumira pansi pa chiwongolero kufunafuna polowetsa chingwe, ndiye akapeza kuti palibe, amayamba kungosintha zinthu mwachisawawa mpaka ndalama zikuthere. Ine ndinalowa kalabu kufuna munthu woidziwayo, ndipo ndinamupeza.

Loweruka la kugalaja limachitika kamodzi pamwezi kwa membala wina amene ali ndi dzenje loonera pansi pa galimoto. Pali kabati ya zitsulo ya kalabu: masipanala a milingo yakale ya Chingerezi ya Whitworth ndi BSF omwe m'masitolo ambiri simungawapeze, chokokera madiramu a mabuleki, nyale yotcherera taimingi, choyezera kompuresheni. Ukafuna kubwereka umalemba dzina m'kope, ukabweza amafufuta. Basi. Aliyense amene anayesapo kumasula nati ya Chingerezi ndi sipanala ya mamilimita, n'kuiona ikusanduka yozungulira, amvetsa chifukwa chake kabati yokhayi imabweza ndalama ya umembala.

Koma zitsulo n'zazing'ono poyerekeza ndi anthu ake. Pali bambo wina wachikulire amene anagwira umakaniko moyo wake wonse, ndipo aliyense amangowatchula kuti madala. Galimoto yanga itakwera pa jeke, iwo sanatsegule n'komwe boneti. Anagwada, nagwira tayala lakutsogolo pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza pang'ono khutu lili pafupi.

"Achimwene, bwerani mugwire apa. Mwamva?"

"Ndamva kakugogoda pang'ono, madala."

"Kameneko ndiko kamagwetsa tayala. Amene munagula kwa iwowo girisi ankamuopa."

Anandionetsa zomwe amazitcha ma trunnion. Pa Minor, chitsulo chimene tayala lakutsogolo limazungulirapo pokhota chili ndi mazinga ngati a bawuti, ndipo chimalowa m'timakapu tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Mazinga amenewa akakhala opanda girisi amadyeka mwakachetechete, ndipo tsiku lina, kawirikawiri ukukhota pang'onopang'ono, chitsulocho chimasolotoka, tayala n'kupindikira m'kati. Anandiphunzitsa kupopera girisi galimoto ili m'mwamba, tayala lisakusenza kulemera, kuti alowe mpaka m'mazinga, ndi kupopabe mpaka wakuda atuluke n'kuyamba kuoneka woyera. Mbali imodzi inali itapitirira pochiritsika ndi girisi, tinasintha. Buku la galimoto limanena za kuthira girisi, inde, koma silingakugwire dzanja n'kuliika pamalo pamene pakugogoda.

Ndi iwo omwewo amene anakweza kapeti ya kumapazi a woyendetsa n'kundionetsa kachivindikiro ka mafuta a mabuleki, chifukwa pa Minor silinda yaikulu ya mabuleki inabisidwa pansi, m'kati mwa chasisi. Anandichenjezanso za magetsi. Magalimoto ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo anatuluka waya wa + wa batire ndiwo wolumikizidwa ku bodi, mosemphana ndi magalimoto a lero. Ukangolumikiza wailesi yatsopano osadziwa zimenezi, imapsa pomwepo. Kutembenuza si ntchito yaikulu, koma dayinamo iyenera kutembenuzidwa nayo, ndi mawaya a pa koyilo kusinthanitsidwa. Tinachita masana amodzi.

Chenjezo kwa amene akuganiza kuti kalabu ndi galaja yaulere: madala sakugwirira ntchito. Amakupatsa sipanala, iwo n'kukhala pa ndowa yovundikira, kumakuuza. Potchera mapointi, tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi opita kumapulagi, anandisiya ndikubwereza mpaka mpata utafika 0.015 ya inchi ndendende, ndipo mavavu 0.012. Oyilo wa m'kachitini ka pamwamba pa kabuleta ya SU ndinathira ndekha iwo akuyang'ana. Ndaonapo anthu akubwera atavala zoyera, kuimika galimoto n'kumadikira kuti wina awakonzere. Sabweranso kachiwiri, ndipo palibe amene amawasowa.

Misonkhano ya madzulo ndi yosakanikira. Theka loyamba limathera pa kuwerenga zomwe anakambirana mwezi watha, malipoti a msungichuma, ndi mkangano wosatha wa galimoto imene iyenera kutchedwa yakale. Kalabu imatsatira mlingo wa FIVA, bungwe la padziko lonse la magalimoto akale, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, wakuti galimoto ikhale itakwanitsa zaka 30. Vuto lake n'lakuti zaka zimayenda. Magalimoto a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 tsopano alowa m'bwalo, ndipo akuluakulu ena sakufuna kumva zoti Toyota Corolla ingaime mzere umodzi ndi Ford Model A. Ine ndili kumbali ya anyamata a Corolla. Ndiwo okhawo osakwana zaka makumi anayi amene amabwera, ndipo ndiwo amanyamula magiyabokosi pamene misana ya eni kalabu yakana.

Theka lachiwiri, kukakhala wophunzitsa, ndiye lokoma. Phunziro limene linandipindulira kwambiri linali la mafuta, ndipo anaphunzitsa ndi mayi wina amene amayendetsa Volkswagen Beetle ya magetsi a 6 volt, yomwe amaikonza yekha. Anafotokoza kuti petulo wa magalimoto wokhala ndi mtovu anatha padziko lonse mu 2021, dziko la Algeria ndilo linali lomaliza kumugulitsa, ndipo kuti mtovu uja unkateteza pokhalira mavavu a ekizozi. Injini za mutu wa chitsulo, ngati yanga, zikamathamangitsidwa kwambiri mtunda wautali pa petulo wa lero, vavu imadya pokhalira pake n'kumamira pang'onopang'ono. Chizindikiro chake n'chakuti mpata wa mavavu umangocheperachepera nthawi iliyonse ukayeza. Mankhwala ake okhalitsa ndi kuikitsa pokhalira polimba pamene mutu wa injini watsitsidwa, koma anatsindika kuti munthu woyenda modekha asathamangire kuphwasula injini yomwe ikulira bwino, azingoyeza. Ananenanso za petulo wosakaniza ndi ethanol, momwe amafewetsera mapayipi akale a mphira ndi kukoka chinyezi galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda. Anabwera ndi kachidutswa ka payipi kong'aluka, kakuyenda m'manja mwa aliyense. Mawa lake ndinasintha mapayipi anga onse.

Chinandinyansa n'chakuti pa nthawi ya mafunso abambo ena ankafunsa amuna awo a mayiyo, omwe anangobwera kudzaperekeza ndipo sadziwa ngakhale pothirira oyilo. Wapampando anaona, osanena kanthu.

Maulendo ndi osangalatsa, ndipo akonzi ake amaganizira za mavuto. Kumbuyo kwenikweni kumakhala pikapu yonyamula chingwe chokokera, madzi, batire ndi bokosi la timasipeya, ndipo lamulo ndi lakuti wina akaima, womutsatira aimenso. Pa ulendo wina pampu yanga ya petulo inasiya kugogoda kwake kuja galimoto n'kuzima pachitunda. Ndisanatsike n'komwe, mnzathu wa kumbuyo anali atafika ndi sipanala, anaimenya pang'ono pambali, inayambanso, tinapitirira. Tinadzatsuka mapointi ake Loweruka lotsatira. Chimene sachita bwino ndi kandandalikidwe. Amanyamutsa onse pamodzi, Model A ya mabuleki a ndodo pakati pa ma Mercedes a zaka za m'ma 1980, ndiye othamanga amatopa, ochedwa amapanikizika, mzere umaduka. Ku London to Brighton Veteran Car Run, ulendo wa magalimoto akale wa ku England, komwe kumaloledwa magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 okha, akale kwambiri ndiwo amayamba kunyamuka. Palibe chovuta kutengera zimenezo. Ndinakanena kumsonkhano, zinalembedwa, ndipo zikuwerengedwabe mwezi ndi mwezi.

Tsopano chionetsero cha pachaka. Kwa anthu odzaona, ndi tsiku labwino. Ana amaloledwa kukhala pampando ndi kuliza hutala, ndipo ndikaliza Minor ndi chitsulo chopukusa cha kutsogolo, anthu amaunjikana kuposa pa galimoto ina iliyonse yonyezimira. Koma kaweruzidwe kake sindikugwirizana nako. Oweruza amayenda ndi mapepala kufufuza chilichonse chimene sichinachokere ku fakitale. Ine anandidula mamalikisi chifukwa cha malamba a pampando amene ndinaikitsa kumbuyo ndi magetsi amene ndinatembenuza aja. Lamba wa nsonga zitatu anayamba ku Volvo mu 1959, galimoto yanga isanapangidwe, ndipo ine ndimanyamula ana. Chikho chinapita kwa galimoto yomwe inabwera itakwezedwa pa ngolo, inatsitsidwa mokankha, ndipo tsiku lonse sinalire. Ndi yokongoladi, sindikutsutsa, mwini wake anataya zaka zambiri akuikonza. Koma kalabu imene Loweruka imakuphunzitsa kuti galimoto iziyenda, pachionetsero imalanga amene amaiyendetsa. Akanangogawa magulu awiri, la zosasinthidwa ndi la zoyenda tsiku ndi tsiku, nkhani ikanatha.

Pa malonda a masipeya pitani m'mamawa, zabwino zimatha msanga. Zitsulo, magalasi a nyale, mabaji ndi mabuku gulani mosaopa. Za mphira samalani nazo. Chinthu chikhoza kukhala m'bokosi lake chisanagwirepo ntchito, koma mphira wa zaka makumi anayi ndi wakufa kale, ndipo pa mabuleki a Minor, omwe ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta, kalabala kamodzi kakaphulika mawilo onse anayi amasiya kugwira. Matayala nawonso musanyengedwe ndi mapanga ake akuya. Yang'anani manambala anayi omalizira pa chizindikiro cha DOT cha m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka. Mukaona manambala atatu okha, tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000. Ndinaona otere akugulitsidwa patebulo, komiti osaletsa.

Kalata ya nkhani ndiyo yofooka kuposa zonse. Imatuluka mochedwa moti nthawi zina imalengeza ulendo umene tinapita kale. Masamba ambiri ndi zithunzi za anthu omwewo atanyamula zikho zomwezo, pamene nzeru za madala, zomwe zikanayenera kulembedwa iwo akadali ndi mphamvu, sizipezekamo. Tsamba lokhalo limene ndimawerenga ndi la ogulitsa ndi ofuna masipeya. Gulu la pa WhatsApp lili ndi vuto losiyana: uthenga wosintha malo okumanirana umakwiririka pansi pa moni wa m'mawa ndi mavidiyo otumizirana. Membala watsopano sangadziwe kuti chenicheni chili kuti, ndipo pamsonkhano wake woyamba palibe amene amapatsidwa udindo womulandira. Ndaonapo mnyamata wina atakhala yekha pakona mpaka kutha kwa msonkhano. Ndi kugalaja kokha kumene munthu amafunsidwa dzina, mwina chifukwa kumeneko amafunika wogwira tochi.

Ngati muli ndi galimoto yakale imene mukufuna kuiyendetsa ndi kuikonza ndi manja anu, lowani. Ngati muli ndi chiphapha pabwalo ndipo simukudziwa ngati n'chotheka kudzutsa, lowaninso, chifukwa adzabwera kudzagogoda chasisi n'kukuuzani zoona za dzimbiri musanataye ndalama pa penti. Ngakhale opanda galimoto amaloledwa, ndipo ndingalangize kuti mulowe musanagule. Koma ngati chimene mukufuna ndi chikho, kapena ndondomeko yolongosoka ya zochitika za chaka chonse, mudzakhumudwa. Musayambire kumsonkhano wa madzulo. Pemphani kubwera ngati mlendo Loweruka la kugalaja, muvale ovololo, mutenge kope ndi pensulo. Ine umembala ndalipiranso, ndipo mwezi wamawa tikutsitsa silinda ya mabuleki ija, yomwe mabawuti ake amatsekerezedwa ndi torsion bar, chitsulo chachitali chogwira ntchito ya sipuling'i ya tayala lakutsogolo. Madala akuti ndibwere ndi mafuta a mabuleki a DOT 4 komanso munthu wopondaponda buleki.