Ndemanga pa gitala ya Yamaha C40, kwa amene akuyamba kumene kuphunzira

Ndakhala ndi gitala ya Yamaha C40 kuyambira pamene sindinkadziwa n'komwe poika chala mpaka lero pamene ndimatha kuperekeza nyimbo za kwaya yathu kuno ku Highfield, ndipo maganizo anga ndi akuti munthu wamkulu amene akuyamba kumene sangadandaule atagula imeneyi. Si gitala yonyadira nayo pamaso pa akatswiri, ndipo pali nyimbo zina zimene siingakupatseni, monga ndifotokozere kutsogoloku. Koma ntchito yaikulu ya gitala yoyamba ndi kumusunga wophunzira kuti asagwe ulesi m'miyezi yoyambirira, ndipo ntchito imeneyo C40 imaigwira bwino kwambiri.

Ndinaigula m'tauni muno mu Harare, m'sitolo ina ya zoimbira. Mitengo imasiyana malinga ndi sitolo ndiponso ngati mukulipira ndi madola a ku America kapena ndi ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, choncho yendani m'masitolo angapo musanatulutse ndalama. Wogulitsa anayamba wandionetsa gitala ina yopanda dzina lodziwika, yonyezimira bwino, ya nsambo zachitsulo, ndiponso yotsika mtengo ndithu. Mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene waimba gitala kuyambira ali mnyamata ndipo anandiperekeza tsiku limenelo, anaitenga n'kuipendeketsa, n'kundiuza kuti ndiyang'ane mpata wa pakati pa nsambo ndi khosi la gitala pa fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosilo, towerengedwa kuchokera kumtunda). Mpatawo unali waukulu moti pensulo ikanatha kulowa. Gitala yotere imafuna kuti muzikanikiza ndi mphamvu zonse kuti nsambo ikhudze pansi, ndipo wophunzira amayamba kuganiza kuti zala zake n'zofooka pamene vuto lili pa chida. Pa gitala ya nsambo za nayiloni mpata woyenera umakhala pafupifupi mamilimita 4 ku nsambo yaikulu ndi mamilimita 3 ku nsambo yaing'ono, ndipo C40 imene ndinagula inali pafupi ndi pamenepo. Mkuluyo anayesanso china: analiza nsambo iliyonse osaigwira, kenako n'kuigwira pa fret ya 12, kuti amve ngati liwu lachiwirilo likufanana ndi loyamba koma lokwera. Pa gitala yonyezimira ija mawu awiriwo ankasemphana, pamene pa C40 ankagwirizana pa nsambo zonse 6. Ngati simunayambe kusiyanitsa mawu ndi khutu, pitani ndi munthu wodziwa, chifukwa mayeso awiriwa amatenga mphindi zochepa koma ndi amene amasiyanitsa chida ndi chidole.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri gitala imeneyi ndi nsambo zake za nayiloni. Zitatu zazing'ono ndi nayiloni yokhayokha, ndipo zitatu zazikulu zili ndi ulusi wa nayiloni m'kati wokulungidwa ndi kawaya kopyapyala. Nsambo zotere n'zonenepa ndipo sizikungika kwambiri ngati zachitsulo, motero sizicheka nsonga za zala. Kupweteka kulipobe, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti kulibe akukunamizani. M'masabata oyambirira zala za dzanja lamanzere zimafiira ndipo pamatsala timizere ta nsambo, koma ndi ululu umene munthu amatha kuupirira mpaka khungu la kunsonga litalimba. Mnzanga wina wa m'kwaya amene anayambira pa nsambo zachitsulo zokwera anatuluka matuza, anapumula kuti apole, ndipo kupumulako kunasanduka kusiyiratu. Wengani zikhadabo za dzanja lamanzere mpaka zifupike ndithu, chifukwa chikhadabo chikatalika pang'ono pokha chala sichiima chilili pa nsambo. Ndipo zala zikayamba kulimba musamazinyike nthawi yaitali m'madzi musanaimbe, poti khungu lofewa ndi madzi limasupuka msanga.

Khosi la C40 ndi lotakata, mamilimita 52 kumtunda kwake, pamene la F310, gitala ya nsambo zachitsulo ya kampani yomweyo imene ambiri amayambiranso, ndi mamilimita 43. Kwa ine amene ndili ndi zala zonenepa za munthu wogwira ntchito zamanja, kutakataku kunali mwayi, chifukwa chala chimodzi sichinkagwera pa nsambo yoyandikana n'kuitsamwitsa. Kwa mwana kapena munthu wa manja aang'ono nkhani ndi ina, popeza chord (kagwiridwe ka nsambo zingapo kuti zilire pamodzi) ngati C kapena G imafuna kutambasula zala. Mdzukulu wanga atayesa, chala chake chachitatu sichinafike pa nsambo yachisanu, powerenga kuchokera ku yaing'ono. Kwa ana pali ina yocheperako yotchedwa CS40, ndipo makolo angachite bwino kuganizira imeneyo m'malo mogula yaikulu n'kumati mwana adzakuliramo.

Pa nkhani ya kutchuna, tokungira nsambo twa gitala imeneyi timazungulira mosalala ndipo sitibwerera tokha. Komabe wogula aliyense adziwiretu kuti nsambo za nayiloni zikakhala zatsopano zimatamuka kwa masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, ndipo mumatha kutchuna bwinobwino n'kupeza kuti mawu atsika musanamalize nyimbo imodzi. Limeneli si vuto la gitala, ndi khalidwe la nayiloni, ndipo nsambo zikakhazikika zimasunga mawu bwino. Kuyambira ku nsambo yaikulu kutsikira ku yaing'ono mawu ake ndi E, A, D, G, B, E. Pulogalamu yaulere ya pa foni imakwanira kukutsogolerani, koma phunziraninso njira ya khutu: nsambo mukaigwira pa fret ya 5 iyenera kumveka ngati yotsatira yake yosagwira, kupatula nsambo ya G imene mumaigwira pa fret ya 4 kuti ifanane ndi B. Tchunani nthawi iliyonse musanayambe kuimba. Wophunzira amene amayeserera pa gitala yosatchuna amaika zala pamalo oyenera koma n'kumva zoipa, ndipo mapeto ake amasiya kukhulupirira manja ake komanso khutu lake.

Pamene ambiri amagwera mphwayi si pa kuloweza ma chord, koma pa kuchoka pa imodzi kupita pa ina nyimbo isanakusiyeni. Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene gitala yofewa imaonetsa phindu lake. Yambani ndi Em, imene imangofuna zala ziwiri pa fret ya 2, pa nsambo yachisanu ndi yachinayi. Kenako phunzirani Am: chala chamkombaphala pa fret ya 1 ya nsambo yachiwiri, chapakati pa fret ya 2 ya nsambo yachinayi, ndi chachitatu pa fret ya 2 ya nsambo yachitatu. Mukaigwira bwino imeneyo, yang'anitsitsani dzanja lanu, nyamulani chala chachitatu chokha, n'kukachiika pa fret ya 3 ya nsambo yachisanu, zina ziwirizo osazisuntha. Mwafika pa C. Tsiku limene mkulu uja anandionetsa zimenezi ndi pamene ndinazindikira kuti kusintha chord si kuchotsa dzanja lonse n'kuyambiranso, koma kufufuza chala chimene chingatsale pamalo pake kapena chimene chingangotsetsereka. Sankhani ma chord awiri, muzisinthasintha pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mukatero lizani nsambo imodziimodzi kuti mumve imene ikulira ndi imene yatsamwa. Ikatsamwa, kawirikawiri chala chagona m'malo moima, kapena chili kutali ndi kachitsulo ka fret. Chisendezeni pafupi ndi kachitsuloko, osati pamwamba pake, ndipo mudzaona kuti simufunika kukanikiza kwambiri. Chala chachikulu chikhale kumbuyo kwa khosi, chapakati pake, osati kukolekera pamwamba, makamaka pa khosi lotakata ngati ili.

Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu Loweruka lokha, chifukwa zala zimaphunzira mwa kubwerezabwereza ndipo zimaiwala msanga zikasiyidwa sabata yonse. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ine ndimaimba madzulo ndikaweruka, ndipo ubwino wina wa gitala yotere ndi woti magetsi akazima phunziro silima, komanso mawu ake n'ngofatsa moti anansi a pakhomo sanabwerepo kudzagogoda. Musaibise m'chikwama pansi pa bedi. Ikhale pamalo pamene dzanja lingaifikire mosavuta, chifukwa gitala yofuna kutsegula zipi ndi kusuntha katundu munthu wotopa saitenga.

Dzanja lamanja ambiri amalinyalanyaza, chikhalirecho ndi limene limanyamula nyimbo. Kwaya ikhoza kukhululukira chord yolakwika, koma siingaimbe ndi munthu amene amaima kaye kuti akonze zala. Lizani motsitsa kokha poyamba, mukuwerenga mpaka 4 ndi kuponda phazi, ndipo dzanja lisaime ngakhale lamanzere litachedwa. Ndi G, C ndi D mukhoza kuperekeza nyimbo zambiri za kutchalitchi ndi zapamaliro zimene tonse timazidziwa, ndipo kuyambira pa nyimbo imene mumaiimba kale pakamwa kumathandiza kuti khutu likuuzeni lokha pamene chord iyenera kusintha. Chord ya F, imene imafuna kuti chala chimodzi chigone pa nsambo zonse, idzakuvutitsani monga imavutitsira aliyense. Musaithamangire. Pali F yaing'ono ya nsambo zinayi zokha imene imagwira ntchito yomweyo mpaka dzanja litalimba.

Tsopano zimene gitala imeneyi siingachite. Ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kuno tinakula tikumva nyimbo za sungura, ndipo timanyadira kuti Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968, ndi Nicholas Zakaria amene anamulera m'gulu loimba la Khiama Boys, ndi ana a kwathu. Mnyamata amene akufuna gitala chifukwa cha mawu akuthwa ndi othamanga a sungura adziwe kuti amenewo ndi mawu a gitala yamagetsi, ndipo ambiri amaimbidwa kumunsi kwa khosi, kufupi ndi thupi la gitala. Pa C40 khosi limalumikizana ndi thupi pa fret ya 12 ndipo palibe malo osemedwa oti dzanja lilowe, motero kupitirira pamenepo n'kovuta. Akhoza kuphunzirirapo ma chord ndi kusunga nthawi, zimene adzazifunebe, koma ngati mtima wake uli pa sungura yokha, F310 kapena gitala yamagetsi yotsika mtengo idzamufikitsa pafupi ndi chimene akufuna. M'tchalitchi modzaza anthu C40 imamira, ndipo ine ndimaiikira maikolofoni patsogolo. Monga magitala ambiri a mtundu wake, ilibe pokolekera lamba ndiponso ilibe timadontho pamwamba pa khosi tosonyeza fret. Ine ndinamata tizidutswa ta pepala m'mbali pa fret ya 5 ndi ya 7. Capo (kachida kopanira nsambo zonse pa khosi kuti mawu akwere) imene ndinagula pa msika inali yokhota, ya magitala a nsambo zachitsulo, ndipo sinagwire nsambo zonse chifukwa khosi la C40 ndi lathyathyathya, choncho pogula nenani kuti mukufuna ya gitala ya nayiloni.

Chenjezo limodzi ndilinene mwamphamvu: musadzaikepo nsambo zachitsulo, ngakhale wina atakuuzani kuti mawu adzakwera. Nsambo zachitsulo zimakoka mwamphamvu kwambiri kuposa za nayiloni, ndipo gitala yopangidwira nayiloni ikhoza kupindika khosi kapena kuzuka kamtengo kamene nsambo zimamangidwapo. Nsambo zake zimamangidwa ndi mfundo pa kamtengo kameneko, ndipo koyamba ndi bwino kusintha imodziimodzi mukuyang'anira mfundo ya nsambo yoyandikana.

Nyengo ya Harare nayo imafuna kusamala. Kuyambira m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi mpaka kutentha kwa Okutobala mpweya umauma kwambiri, ndipo thabwa lopyapyala la pamwamba pa gitala likhoza kung'ambika ikasiyidwa padzuwa, pafupi ndi zenera, kapena m'galimoto yotseka. Yanga yadutsa chilimwe ndi dzinja popanda mng'alu, koma ndimaisunga m'chipinda chamthunzi ndipo ndimapukuta nsambo ndi kansalu kouma ndikamaliza, kuti thukuta lisadetse nsambo zazikulu. Chikwama chimene anandipatsa kusitolo chinali chopyapyala ndipo zipi yake sinachedwe kuduka. Amene amakwera kombi kuchokera ku Mufakose, ku Mbare kapena ku Dzivaresekwa ndi gitala pamiyendo agule chikwama chokhala ndi siponji m'kati, ndipo asalole kuti kondakitala aiike kumbuyo pamodzi ndi matumba.

Za maphunziro, makanema a pa YouTube ndi ambiri ndipo ena ndi abwino, koma amadya data, ndiye ndi bwino kusankha mphunzitsi mmodzi n'kumutsatira kusiyana ndi kudumphadumpha. Kanema sangaone kuti mkono wanu wapindika molakwika, choncho pezani munthu woti azikuyang'anani mwa apo ndi apo, kaya wa kumpingo kaya wa ku Zimbabwe College of Music kwa amene angakwanitse. Mukadzafuna kusinthira ku gitala ina, C40 yosamalidwa bwino siivuta kugulitsa, chifukwa oyamba kumene amaifunafuna nthawi zonse. Yanga sindigulitsa pakali pano, poti mdzukulu uja manja ake akukula ndipo wayamba kale kugwira Em.