Chilombo cha m'dambo chimene chinkadziyesa munthu

Bukuli ndinalipeza pansi, pa saka, kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linali litapanikizika pakati pa dikishonale yopanda chikuto ndi magazini a mafashoni. Ine ndinapitira buku la Biology la Fomu 3, poti langa ana asukulu analibwereka mpaka linaiwala kwawo. Mnyamatayo ataona kuti maso anga akodwa pa chinthu chobiriwira cha maso ofiira chija, anati, "Madala, makatuni amenewo, atengereni adzukulu." Tinanenerera mpaka mtengo unafika pa ndalama yogulira nkhuku imodzi yachikuda. Adzukuluwo sanalione, ndipo sadzaliona mpaka atamera ndevu.

Dzina lake ndi Saga of the Swamp Thing, Book One, la kampani ya DC Comics ya ku America. Asonkhanitsamo magazini asanu ndi atatu, nambala 20 mpaka 27, amene anatuluka mu 1984. Wolemba ndi Alan Moore wa ku Northampton, ku England. Ojambula ambiri mwa masambawo ndi Stephen Bissette ndi John Totleben, ndipo mitundu anapaka ndi mayi Tatjana Wood. Lonse lili m'Chingerezi, china chake cholimba ndithu, moti dikishonale yopanda chikuto ija ndikanaigula pomwepo.

Chilombo cha m'bukuli, Swamp Thing, si Moore anachiyambitsa. Chinabadwa mu 1971 m'magazini ya House of Secrets nambala 92, m'kankhani ka masamba asanu ndi atatu kolembedwa ndi Len Wein, kojambulidwa ndi Bernie Wrightson. Anthu atakakonda, mu 1972 awiriwa anachipatsa magazini yakeyake ndi mbiri yatsopano: wasayansi Alec Holland ndi mkazi wake Linda akupanga mankhwala okulitsa zomera kumadambo a ku Louisiana, zigawenga zimutchera bomba, iye athamanga moto uli lawilawi thupi lonse n'kudziponya m'dambo. Chotuluka m'menemo ndi chimunthu cha ndere, mizu ndi matope, chomangolakalaka kubwerera ku umunthu. Nkhani inayenda choncho zaka zingapo, kenaka inafooka n'kutsekedwa mu 1976. Anaidzutsa mu 1982 chifukwa cha filimu ya Wes Craven, koma sinkagulidwa kwenikweni. Wein, amene pa nthawiyi anali mkonzi, ndiye anaimbira foni Moore kuti adzayese mwayi.

Nambala 20 musaidandaule. Ndi kusesa pabwalo chabe: Moore akutsekera nkhani zimene Martin Pasko, amene ankalemba magaziniyi iye asanabwere, anasiya panjira, anthu ambirimbiri osawadziwa akuthamangathamanga, ndipo pomaliza asilikali a munthu wachuma wotchedwa Sunderland awombera chilombocho m'mutu. Ndinatsala pang'ono kulitaya bukulo pamenepa. Zojambula zakenso za nambala imeneyi ndi za munthu wina, Dan Day, ndipo n'zooneka bwino koma zopanda fungo la dambo.

Ndalama yanga inabwerera pa nambala 21, ya February 1984, yotchedwa The Anatomy Lesson. Amene simufuna kudziwiratu, lumphani ndime zitatu zikubwerazi.

Mtembo wa chilombo uli mufiriji, m'nyumba yosanja ya Sunderland ku Washington. Mkuluyu atulutsa m'ndende wasayansi wina, Jason Woodrue, yemwenso thupi lake ndi la chomera, kuti ang'ambe mtembowo apeze chinsinsi cha mankhwala aja. Woodrue atsegula chifuwa. Mapapo alimo, koma ndi a ulusi wokhakhala woti sungasefe mpweya. Mtima ulimo, impso zilimo, ubongo ulimo wonga chinkhupule, koma palibe chimodzi chomwe chingagwire ntchito, ndipo sichinagwirepo chiyambire. Ine amene ndakhala zaka zambiri ndikujambula mtima wa mbuzi pa bolodi, ndinaika buku pansi n'kuyamba kudzifunsa ndekha: nanga ziwalo zabodzazi n'zachiyani? Woodrue nayenso funso lake ndi lomwelo, ndipo alivutikira milungu ingapo.

Yankho alipeza pa tinyongolotsi taphanthiphanthi ta m'madzi totchedwa planarian. Zimenezi si zopeka za Moore. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, James McConnell wa pa University of Michigan ankaphunzitsa tinyongolotsiti kanthu, n'kutiduladula, n'kudyetsa tinzake tosaphunzira, ndipo ankanena kuti todyato tinkatengako nzeruzo. Asayansi ena atayesa zinawakanika, ndipo lero palibe amene amaziphunzitsa ngati zoona. Mwana akandilembera zimenezi pa mayeso ndimuthetha. Koma m'nkhani muno bodzali likugwira ntchito yaikulu. Alec Holland sanasanduke chilombo ayi. Anafa tsiku lomwelo la bomba. Zomera za m'dambo, zitakhuta mankhwala ake, zinadya mtembo wake pamodzi ndi zonse zimene ankakumbukira, ndiye zinadziumba mofanizira munthu, n'kuika mapapo ndi mtima poti zinkakumbukira kuti pamenepo pamakhala zimenezo. Kwa zaka zonsezi owerenga ankamvera chisoni munthu wotsekeredwa m'thupi la chomera, osadziwa kuti ndi chomera chimene chikulota kuti ndi munthu. Palibe umunthu woti chibwerereko.

Ndipo chomera sichifa ndi chipolopolo cha m'mutu. Aliyense amene anadulapo mtengo wa bulugamu n'kubwerako patapita mwezi akudziwa. Sunderland, munthu wonyada amene nyumba yake yonse imayendera makina popanda mlonda ngakhale mmodzi, achotsa ntchito Woodrue asanamvetse n'komwe lipotilo. Woodrue pochoka asintha makina a firiji ija kuti isungunuke, n'kukhoma zitseko. Mphukira ziyamba kutuluka pa mtembo wotuwa uja. Chilombo chidzuka, chipeza lipoti pa tebulo, chiwerenga. Tsamba limene chikutembenuka kuyang'ana mkuluyo, mapepala ali m'manja, ndinaliyang'ana nthawi yaitali magetsi atazima, ndi tochi ya pafoni. Chimene chikuopsa si mano kapena zikhadabo. Ndi nkhope ya chinthu chomwe changouzidwa kumene kuti chiyembekezo chimene chinkachidzutsa m'mawa uliwonse chinali chabodza.

Apa mpamene Bissette ndi Totleben anandigwira mtima. Chilombo cha Wrightson, chimene ndachiona pa intaneti, chinali chosalala, champhamvu ngati womenya nkhonya, chokhala mumdima wokongola. Awa anachisandutsa munda weniweni. Paphewa pamera timaluwa, m'mikwingwirima mukuyenda tizilombo, pamsana patuluka zinthu zonga mbatata, achule akhala pafupi osachiopa. Ine ndinakulira kufupi ndi Chilwa, ndipo ndikudziwa momwe mwendo umamvekera ukalowa m'thope mpaka m'bondo, ndi kafungo kamene kamatuluka ukauzula. Louisiana sindinafikeko, mitengo yawo ndi ina, ng'ona zawo ndi za mtundu wina, koma anthuwa anajambula chinyontho chenicheni. Masamba ena sanawagawe m'timabokosi toongoka monga makatuni a m'nyuzipepala. Mizere imapendama, mizu imadutsa kuchoka m'chithunzi china kulowa m'chinzake, moti nthawi zina diso limasochera osadziwa poyambira. Kawiri konse ndinawerenga tsamba chobwerera m'mbuyo.

Nambala 22 mpaka 24 zikupitiriza ndi Woodrue. Chilombo chabwerera ku dambo kufupi ndi tauni ya Houma, chagona chagada, chazika mizu, chasiya kuyankhula. Mnzake Abby, mayi wa tsitsi loyera la mzere wakuda, akuchichonderera kuti chidzuke, chosatheka. Woodrue athyolako imodzi mwa mbatata zija, aidya, ndipo mutu wake ulumikizika ndi zomera zonse za padziko. Apenga. Aganiza kuti mitengo yamutuma kudzalipsira anthu chifukwa cha nkhwangwa ndi macheka, ayamba ndi katauni ka Lacroix, n'kulamula zomera kuti zichulukitse okosijeni mpaka kamoto kakang'ono kalikonse kayatse dziko. Superman ndi anzake a Justice League akuonekeramo, ali m'mwamba m'chombo chawo, manja ali m'khosi, poti udzu suumenya chibakera.

Amene amugonjetsa ndi chilombo chija, ndipo osati ndi nkhonya kwenikweni koma ndi funso la Fomu 1: ukapha anthu ndi nyama zonse, adzapumire zomera mpweya umene zimadya ndani? Woodrue asowa chonena, ndipo zomera zimusiya yekha. Ndinaseka ndekha usiku mpaka mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndili bwino. Sayansi yake ndi yophweka mopitirira, chifukwa kaboni dayokisaidi amatulukanso m'zinthu zowola, m'moto, ngakhale m'zomera zomwezo zikamapuma. Koma ndani anaonapo nkhondo ya m'makatuni ikutha chifukwa wina wakumbutsidwa phunziro la kusinthana mpweya? Sabata yotsatira ndinalifunsa funsolo m'kalasi, osatchula kumene ndalitenga, ndipo ana anakangana mpaka belu.

Nkhani yomaliza, nambala 25 mpaka 27, sinandikhutiritse mofanana. Abby wapeza ntchito pamalo osamalira ana ovutika m'maganizo, ndipo kukubwera kanyani koyera kamene kamadya mantha, kamasanduka chilichonse chimene mwana amachiopa kwambiri. Zina mwa zimene anawa amaopa n'zochokera m'nyumba zawo zomwe, kwa akuluakulu owalera, ndipo n'chifukwa chake ndikuti bukuli si la adzukulu. Mbali imeneyo ndi yolemera, inandisowetsa tulo. Chondigwetsa ulesi ndi chiwanda chachikasu chotchedwa Etrigan, chimene Jack Kirby anapanga mu 1972. Chimayankhula m'ndakatulo zokhazokha, Chingerezi chakalekale, ndipo chikatsegula pakamwa nkhani imaima kudikira kuti chimalize. Moore ali ndi matenda amenewa: akapeza mawu okoma safuna kuwasiya. Pali masamba amene chithunzi chanena kale zonse, iye n'kuthiraponso ndime.

Nditamaliza ndinafufuza za abale a chilombochi, poti mnzanga wina wa pasukulu anaumirira kuti anachionapo kwa Marvel, kampani ina ya makatuni ya ku America. Sananame. Kumeneko kuli Man-Thing, amene anatuluka mu Savage Tales nambala 1, ya May 1971, miyezi iwiri yokha patsogolo pa mnzakeyu. Nayenso ndi wasayansi, Ted Sallis, wa mankhwala achinsinsi, wogwera m'dambo, kungoti lake ndi la Everglades ku Florida. Analemba ndi Gerry Conway pa maganizo a Stan Lee ndi Roy Thomas, anajambula ndi Gray Morrow. Chokometsa nkhani n'chakuti Conway ndi Wein pa nthawiyo ankakhala nyumba imodzi, ndipo Wein yemweyo ndiye analemba nkhani yachiwiri ya Man-Thing. Anabera mnzake ndani? Makampani awiriwa sanatengerane kukhoti, ndipo ndikuona chifukwa chake: onse anatunga pa chitsime cha eni. Mu 1942 Harry Stein ndi Mort Leav anali atapanga kale The Heap, woyendetsa ndege ya nkhondo wa ku Germany amene anagwera m'dambo la ku Poland mu 1918 n'kudzuka ali mulu wa zinyalala woyenda. Kumbuyo kwa onsewa kuli kankhani ka Theodore Sturgeon ka mu 1940, ka chinthu choumbika pa mafupa a munthu wakufa m'nkhalango.

Kusiyana kwake kulipo. Man-Thing alibe nzeru, sayankhula, amangomva zimene zili m'mitima ya anthu, ndipo wamantha akamukhudza amapsa. Steve Gerber, amene anamulemba kwa nthawi yaitali, ankamuika pambali ngati mboni, nkhani n'kukhala ya anthu omuzungulira. Wa DC uyu amaganiza, amalira, amakonda. Ndiye Moore atamulanda umunthu, panali wina woti amve kuwawa kwake. Man-Thing mukanamuuza zoti si munthu, akanangokuyang'anani.

Chinanso chimene ndinachilemekeza ndi Wein mwiniwake. Mwana anali wake, koma analola mlendo wa kutsidya la nyanja kuti agwetse maziko onse a nkhani imene iye anamanga. Ndi alembi angati angavomere? Moore anakhala pa magaziniyi mpaka nambala 64 mu 1987. Pa nthawi imeneyo magaziniyi inasiya kunyamula chidindo cha Comics Code, bungwe limene kuyambira 1954 linkapima zoyenera kulowa m'makatuni a ku America, ndipo mu nambala 37 munatulukira John Constantine amene ena mumamudziwa m'mafilimu. Karen Berger, amene analowa m'malo mwa Wein pa ukonzi, ndiye anadzayambitsa Vertigo mu 1993, nthambi ya DC ya nkhani za akuluakulu. Wrightson ndi Wein anamwalira chaka chimodzi, 2017, wina mu March wina mu September.

Mukalipeza ligule, makamaka ngati mumakonda nkhani zoopsa zimene sizidalira magazi okhaokha. Onetsetsani masamba musanapereke ndalama. Langa mwini wake woyamba analinyowetsa, masamba angapo a nkhani ya kanyani ija anamatana, ndipo pomatula ndi mpeni ndinang'amba nkhope ya Abby pakati. Dzinja lino m'mphepete mwa chikuto mwayamba chuku chobiriwira, ndipo ndikuchedwa dala kuchipukuta. Mnyamata wa ku Limbe uja ndinamusiyira nambala yanga kuti akangoona Book Two andiimbire. Wandiimbira kale kawiri, ulendo woyamba linali buku la ulimi wa mpunga, wachiwiri la Hulk.