Waya wowotcherera wa mabowo a mamilimita 13: kodi amatetezadi nkhuku ku zilombo?

Pa mitundu iwiri ya waya imene woweta nkhuku zapakhomo amaipeza kwa ogulitsa zipangizo zomangira, wodziwika kwambiri ndi uja wopota wa mabowo a ngodya 6, amene anthu amangomutchula kuti waya wa nkhuku. Wayayu ndi wakale ndithu, pakuti makina oyamba omulukira anapangidwa ndi Charles Barnard mumzinda wa Norwich ku England m'chaka cha 1844, ndipo ntchito imene amaigwira bwino mpaka lero ndi yotchinga nkhuku kuti zisatuluke. Kutchinga chilombo kuti chisalowe ndi nkhani ina. Galu wanjala akamuluma n'kukoka, zopotana zija zimamasuka, khoswe amadutsa m'bowo la mamilimita 25 popanda vuto, ndipo likongwe amalowa m'bowo la mamilimita 50 ngati palibe chotchinga. N'chifukwa chake ndemanga ino ikunena za mtundu wachiwiri, womwe ndi waya wa mabowo a ngodya 4, wowotcherera pamphambano iliyonse ndiponso wokutidwa ndi zinki, chitsulo chotuwa chimene chimateteza waya ku dzimbiri. Bowo lake ndi la mamilimita 13 mbali zonse, ndipo waya wake ndi wa geji 19, kutanthauza kuti kunenepa kwake ndi pafupifupi milimita imodzi. Ndinamuika pa khola logona nkhuku ndi pa mpanda wa bwalo lake, ndipo wakhalapo nthawi yokwanira kuti mvula ndi dzuwa zimuyese.

Mpukutu ukangomasulidwa, chimene munthu amayamba kuzindikira ndi kuuma kwa wayayu. Sagonja m'manja monga wopota uja, amafuna kubwerera mmene anapindidwira, ndipo kuti agone pansi pamafunika kumupsinja ndi matabwa, apo ayi anthu awiri agwire wina mbali iyi wina mbali iyo. Amadulika bwino ndi sizasi yodulira malata, koma m'mphepete modulidwamo mumatsala timinga tachitsulo tong'amba khungu, choncho magolovesi ochindikala ndi ofunika. Pogula, ndikulangiza kuti muyang'anitsitse pamphambano pamene mawaya awiri anawotcherereredwa. Opanga ena amatenga waya wokutidwa kale ndi zinki n'kumuwotcherera, ndipo kutentha kwa powotcherera kumapsereza zinki pamalo omwewo, moti mphambano iliyonse imaoneka ndi kadontho kodera. Ena amayamba ndi kuwotcherera, kenako amaviika mpukutu wonse mu zinki wosungunuka, ndipo pa waya wotereyu mphambano imakhala yodzaza, yotuwa mofanana ndi kwina konse, mwinanso yokhala ndi kachotupa ka zinki wouma. Tsiku logula kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma dzimbiri limayambira pa timadontho todera tija, ndipo mphambano zikadyeka pamangotsala mawaya ogonerana opanda chowagwirizitsa. Amene ndinagula ine ndi woviikidwa atawotchereredwa kale, ndipo mbali yake imene ili pamwamba pa nthaka sinayambe kufiira.

Kufunika kwa bowo laling'ono kumamveka bwino munthu akaganizira mmene nkhuku zimakhalira usiku. Mumdima nkhuku siziona bwino, ndipo zikakwera pamtanda wogonapo zimangokhala duu, moti mwini wake akhoza kuzitola imodziimodzi popanda kuthamangitsana nazo. Chilombo chikalowa m'khola lotseka chimapeza nkhuku zambiri zikuphupha pamalo amodzi zilibe kothawira, ndipo kuphuphako kumachichititsa kuti chizingogwira mobwerezabwereza. Katswiri wa zinyama Hans Kruuk, amene anachita kafukufuku pa afisi kum'mawa kwa Africa ndi pa nkhandwe ku England, analemba m'chaka cha 1972 za khalidwe limeneli lopha zambiri kuposa zimene nyama ingathe kudya. Woweta amene anatsegulapo chitseko m'mawa n'kupeza mitembo ili mbwee, yambiri yosadyedwa n'komwe, safuna kuuzidwa kuti mpata umodzi ndi wokwanira kutha khola lonse usiku umodzi. Pa bowo la mamilimita 13 phazi la chilombo silikwana, mutu wa mwanapiye sutulukira kunja, ndipo mpheta ndi mbalame zina zakutchire, zimene zimatha kubweretsa tizilombo ta m'nthenga ndi matenda, zimatsala kunja. Pa mfundo imeneyi wayayu sindimupezera chifukwa.

Pamene wandikhutiritsa kwambiri ndi pansi. Agalu ndi nkhandwe zikalephera kung'amba mpanda zimayamba kukumba, ndipo zimakumba patsinde penipeni pa mpandawo. Njira imene imagwira ntchito ndi yoyala wayayu chogona kuzungulira khola lonse, kuchokera patsinde kupita kunja masentimita 45 mpaka 60, n'kumulumikiza ndi waya woimirira, kumukhomera pansi ndi zikhomo ndi kumukwirira ndi dothi lochepa kuti udzu umerepo. Tsiku lina m'mawa ndinapeza dothi litafukulidwa motsatira mpanda, mizere ya zikhadabo ikuoneka pa zinki, ndipo ubweya wofiirira unali utakodwa pa mphambano zingapo. Waya woimirira anali atafwamphukira mkati pang'ono pamene nyamayo inakankha ndi chifuwa, koma palibe mphambano imene inathyoka. Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti nyamayo inayesa malo angapo, ndipo paliponse inayambira patsinde pomwepo, osabwerera m'mbuyo kukayambira kumene wayayo wathera. Kukumba ngalande yakuya masentimita 30 n'kukwiriramo waya choimirira kumathandizanso, koma ndi ntchito yowawa pamalo a miyala kapena a mizu, ndipo ine ndikuona kuti kuyala chogona n'kokwanira.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu sichili mu waya mwenimwenimo koma mmene amagwirira pamatabwa. Timisomali topyapyala towombera ndi makina aja timazuka galu akakoka kamodzi kokha, ndipo waya wolimba amene wasomphoka pakona sasiyana ndi chitseko chotsegula. Pamafunika masikuluwu okhala ndi mawasha otambalala, otalikirana masentimita pafupifupi 15, kapena kumupanikiza pakati pa matabwa awiri. Pamene mapepala awiri a waya akumana, limodzi ligone pa linzake ndipo asokedwe ndi waya wina bowo ndi bowo. Zonsezi zimadya nthawi ndiponso zimawonjezera ndalama pa chinthu chimene n'chokwera kale mtengo poyerekeza ndi waya wopota, koma wogulitsa sakuuzani zimenezi pokupatsani mpukutu. Chitseko chimafuna chisamaliro chapadera, chifukwa matabwa akamauma ndi kufufuma amasiya mpata pansi kapena m'mbali, ndipo mipata ya mpweya imene ili pansi pa denga ndi imene anthu ambiri amaiiwala ngakhale kuti makoswe, njoka ndi nyama zokwera zimalowera kumeneko.

Dziwaninso kuti mbewa ndi tinjoka tating'ono timadutsabe pa bowo la mamilimita 13. Pali wina wa mabowo a mamilimita 6 amene amatchinga zimenezi, koma nthawi zambiri waya wake ndi wopyapyala, wa geji 23, ndipo fumbi ndi nthenga zimatseka mabowo ake msanga mpaka mpweya kuchepa, choncho iyeyu ndi woyenera pa bokosi la anapiye osati pa khola lonse. Zitosi zonyowa zimadya zinki, motero mbali ya waya imene imakhudzana ndi utuchi wa m'khola ndi imene idzayambe kutha. Mukamaliza ntchito, tolani tizidutswa tonse ta waya ndi maginito, pakuti nkhuku imameza chilichonse chonyezimira, ndipo kachitsulo kosongoka kakhoza kuboola nthutumba.

Anthu ambiri amagula wayayu maliro atachitika kale, ndipo apa ndi pamene ndiyenera kunena mosabisa zimene mpukutu wa waya sungachite. Musanakhome chilichonse, yambani mwaona mmene nkhuku zafera, chifukwa zimenezo ndi zimene zingakuuzeni pamene pali mpata. Mitembo yambiri yolumidwa pakhosi kapena kumbuyo kwa mutu kawirikawiri imasonyeza kanyama kakang'ono kolowera pabowo, nkhuku yosowa yonse n'kungotsala nthenga kunja kwa mpanda imasonyeza nyama yonyamula monga nkhandwe, mitembo yothyokathyoka yotayidwa uku ndi uku imaloza kwa galu, pamene mazira ndi anapiye osowa popanda chizindikiro chilichonse amaloza kwa njoka kapena khoswe. Mitemboyo ikwiriridwe mozama kapena iwotchedwe tsiku lomwelo, chifukwa chilombo chimene chadya pamalo chimabweranso usiku wotsatira. Ena amathamangira misampha ndi poizoni, koma nyama imodzi ikaphedwa malo ake amatengedwa ndi inzake, poizoni amapha agalu ndi amphaka a eni ake, ndiponso m'mayiko ambiri mbalame zolusa monga akadzidzi ndi akabawi ndi zotetezedwa ndi malamulo.

Nkhuku zopulumuka zimavutika masiku ambiri. Mathadzi amasiya kuikira kwa masiku angapo kapena milungu, ena amakana kulowa m'khola dzuwa likamalowa moti pamafunika kuwanyamula ndi manja, ndipo ngati tambala kapena thadzi lotsogolera lafa, zotsalazo zimajomphana kufikira zitapezanso mtsogoleri. Yovulala iikidwe payokha pamalo ofunda ndi amdima pang'ono, chilonda chitsukidwe ndi madzi oyera othira mchere pang'ono, ndipo isabwerere kwa zinzake chilondacho chisanaume, popeza nkhuku zikaona magazi zimajompha osaleka. Mano a chilombo amasiya timabowo tobisika pansi pa nthenga, choncho ndi bwino kuunika thupi lonse, makamaka pansi pa mapiko. Kubwezeretsa zimene zatayika sikuchitika msanga, chifukwa dzira limatenga masiku 21 kuti liswe, ndipo msoti umayamba kuikira utakwanitsa miyezi 5 kapena 6, mwinanso kuposerapo pa mitundu ina. Wofuna kufupikitsa nthawiyi pogula nkhuku zazikulu azisunge pazokha kwa mwezi wathunthu asanazisakanize, kuopa kuti khola limene lapulumuka kwa likongwe lingathe ndi chitopa. Kumbali ya mwini wake, makamaka pakhomo pamene ana anali atazolowera nkhuku iliyonse ndi khalidwe lake, chisoni chimakhalapo ndithu, ndipo ine sindiona chifukwa chochinyozera kapena chouzira ana kuti nkhuku zangosochera pamene nthenga zili poyera.

Masana, ngati nkhuku zimatsegulidwa kuti zikapalase, wayayu alibe gawo lililonse. Kabawi ndi mphamba zimagwira mwanapiye pabwalo poyera, ndipo chothandiza pamenepo ndi zitsamba kapena timisasa tobisalamo, tambala watcheru, ndi kusunga anapiye m'bwalo lofoleredwa mpaka atakula. Kufolera bwalo ndi waya yemweyu n'kotheka, koma ndi wolemera ndipo masamba akaunjikana pamwamba wayayo amagwera pakati ngati mitanda yomugwira ili yotalikirana.

Kwa amene ali ndi nkhuku zochepa zogona m'khola limodzi, ndikuvomereza wayayu popanda kukayika, malinga akhale woviikidwa mu zinki atawotchereredwa kale ndiponso wa geji 19 kapena wonenepa kuposa pamenepo, pokumbukira kuti nambala ya geji ikamatsika waya amakhala wonenepa. Ngati ndalama sizikukwanira kuzungulira malo onse, yambani ndi mazenera, mipata ya mpweya ndi chitseko cha khola logona, kenako waya woyala chogona pansi uja wotchinga okumba, ndipo pomaliza mita imodzi ya m'munsi mwa mpanda wa bwalo. Kuchokera pamenepo kupita m'mwamba mukhoza kuika waya wa mabowo aakulupo malinga ngati nkhuku zonse zimatsekeredwa m'khola usiku uliwonse. Kwa amene ali ndi malo aakulu ndipo nkhuku zake zimasamutsidwa kawirikawiri, wayayu ndi wolemera ndi wovuta kumasula, ndipo ukonde wamagetsi wosunthika ungamuthandize kuposa uyu. Mtanda wogonapo nkhuku uikeni motalikirana ndi waya, ndipo mvula yaikulu ikagwa yendani mozungulira khola n'kumakankha kona iliyonse ndi dzanja kuti muone ngati sikuluwu ina yamasuka.