Kalasi ya chizungu ya pa Kamuzu Road, mmene ndayionera ine

Anthu akhala akundifunsa za kalasi ya chizungu ndimapita madzulo ija pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndimagulitsa ziboliboli ku Senga Bay, ndipo mawu achizungu ndinkawadziwa ndithu koma mzungu akangoima pabenchi panga kufunsa mtengo mkamwa mumangouma gwaa, mpaka mnzanga wapafupi kunditengera kasitomala ine ndikuona.

Aphunzitsi ake ndi bambo ena opuma pantchito, anaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri. Lolemba ndi Lachitatu timakhala mkalasi, galamala, kulemba, zomwe zija za kusukulu. Koma nkhani ili pa Loweruka. Timakwera matola tonse makilomita pafupifupi 20 aja mpaka kunyanja, tikafika aliyense amamupatsa kantchito kake, wina akafunse alendo ngati akufuna boti yopita pa chilumba cha Namalenje, wina alondolere njira ya ku Kuti, kumalo osungira nyama zakutchire. Ine tsiku loyamba anati ndifotokozere mayi wina wa ku Germany kapangidwe ka mpando wa mfumu, matabwa awiri olowetsana aja opanda msomali olo umodzi. Thukuta kamukamu, ndikuwayang'ana aphunzitsi kuti mwina andithandiza, iwo ali phee pansi pa mtengo ndi kope lawo, osayandikira nkomwe. Mumtima ndinakwiya, sindinama. Kenako ndinazindikira kuti mayi ujanso chizungu si chakwawo, nayenso amasakasaka mawu ngati ine ndemwe, tinamvana bwinobwino ndipo mpando anagula.

Zomwe ndinalakwitsa aphunzitsi anandiuza Lolemba lake, pandekha osati pagulu, ndipo apa mpamene anandigwira mtima chifukwa ambirife chimatitseka pakamwa ndi kuopa kusekedwa basi. Amatiuzanso kuti tizimvera nkhani za chizungu pa MBC kenako za Chichewa, tione zomwe tinaphonya, ndiye usiku uwatumizire voisi pa WhatsApp kufotokoza zomwe wamva. Amatiyankha tonse, angakhale mochedwa.

Zovuta zilipo. Tachulukitsa mkalasimo, ena amangobisala kumbuyo osayankhulako mpaka kuweruka, magetsi akathima ndiye kalasi yathera pompo, komanso thiransipoti ya Loweruka ndi yako, kwa amene bizinesi sikuyenda ndi zowawa ndithu. Akanatigawa magulu awiri zikanakhala bwino.

Mwezi uno ndalipiranso, ndipo mng'ono wanga amene amayendetsa kabaza ayamba nane Lolemba likubwerali.