Hosteli ya atsikana ku Chikanda: ndemanga yanga kwa ma yearo a ku Chanco ndi makolo awo

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, funso lomwe limadzaza m'magulu a WhatsApp silikhala la mabuku ayi, aliyense amangofunsa kuti kodi ndikagona kuti. Nde ndati ndilembeko za hosteli yomwe ine ndinakhalako chaka changa choyamba ku Zomba kuti inu ma yearo, a chaka choyamba amene mwasankhidwa ku UNIMA, mukhale ndi poyambira. Ife timangoti Chanco (Chancellor College) mpaka pano, olo zinthu zinasintha mu 2021 pomwe Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi KCN n'kukhala KUHeS, dzina la UNIMA n'kutsala ku Zomba. Dzina la hosteliyi ndi la eni ake sindilemba chifukwa ndinenanso zina zomwe sizinandisangalatse ndipo amayiwo ndi munthu wamba. Ili ku Chikanda, ndi ya atsikana okhaokha, ya mpanda wa njerwa, ndipo kupita m'kalasi umayenda wapansi bwinobwino osafuna kabaza.

Malo ogona pa kampasi ndi ochepa kuyerekeza ndi anthu omwe amasankhidwa, n'chifukwa chake ambiri timathera ku Chikanda kapena kutali pang'ono ngati ku Matawale. Mahosteli ku Chikanda alipo ambirimbiri, ena ndi nyumba za anthu zomwe anangozigawa ndi mabolodi. Iyi si yokongola kuposa zinzake ayi. Chomwe ndikuiyamikira n'chakuti imamupatsa yearo kadongosolo pa nthawi yomwe dongosolo lonse lomwe analizolowera lamuthawa.

Ndifotokoze, chifukwa amene sanafikeko amaona ngati tikungokokomeza. Ku sekondale ya boding'i belu ndi lomwe linkatiganizira. Limakudzutsa, limakuuza kuti nthawi ya phala yakwana, limakulowetsa m'kalasi, madzulo limakutumiza ku prepu, ukapanda kupita a matironi kapena aphunzitsi a pa dyute akupeza basi. Ku koleji kulibe zimenezo. Kalasi ina ili m'mawa, ina ili madzulo, pakatipo maola onsewo ndi ako ndipo palibe amene akufunse kuti uli kuti. Alekichala sakulembera manotsi pa bolodi kuti ukopere, amaphunzitsa n'kumapita, masilaidi amatumiza kwa class rep, zotsalazo ukafufuze wekha ku laibulale. M'makosi a chaka choyamba mumakhala anthu ambiri zedi moti ukajomba palibe oona. Nde munthu amakhala ngati mbuzi yomwe aimasula pa chingwe, sudziwa kuti uyambire pati, ndipo ndaonapo anthu omwe anakhoza MSCE ndi mapointi abwino kwambiri akulemba sapu (mayeso obwereza ukalephera) semesita yoyamba yomwe, ena mpaka kuwidwa (kuchotsedwa sukulu), osati chifukwa cha umbuli koma nthawi inangowapulumuka m'manja.

Apa m'pomwe hosteliyi imathandiza. Geti amatseka 10 koloko usiku. Anyamata salowa m'zipinda, amathera pa khonde. Ikakwana 8 koloko wailesi ndi masipika zonse zii. Kuli kachipinda kowerengera komwe kali ndi matebulo ndi mabenchi ngati a ku prepu kuja, palibe okukakamiza kulowamo koma ukaona anzako akunyamula mabuku nawe mtima sukhala m'malo, umapezeka wadzuka. Ndipo amayi eni nyumba amakhala pompo, kanyumba kawo kali mkati mwa mpanda womwewo, nde akaona chitseko chako chili chotseka mpaka masana pakati pa sabata amagogoda n'kufunsa kuti mwanawe ukudwala kapena lero kulibe sukulu? Makonti, omwe anadutsa kale chaka choyamba, ena zimawanyansa zimenezi, amati tinasiya a matironi ku Fomu 4. Ine pa chaka choyamba ndinkazifuna, ndipo ndikuona kuti ma yearo ambiri amazifuna kungoti sanganene.

China chomwe amachita bwino kwambiri, ndipo sindinachionepo m'mahosteli a anzanga, ndi kagawidwe ka zipinda. Salola ma yearo awiri kukhala chipinda chimodzi ngati pali njira ina, amakuphatikiza ndi konti. Poyamba zimaopsa chifukwa umabwera utamva nkhani zoti makonti amazunza, koma mesho wanga, yemwe ndinkakhala naye chipinda chimodzi, anali wa chaka chachitatu ndipo ndi amene anandiuza zinthu zomwe pa orientation sungazigwire chifukwa amakuuzani zambirimbiri nthawi imodzi. Anandiuza kuti ma asainimenti ndi timayeso ta mkati mwa semesita timawerengeredwa ku magiredi omaliza, nde osamadikira mayeso akulu ngati momwe tinkachitira podikira a MANEB. Anandionetsa kopanga fotokope motchipa, momwe umapezera mapepala a mayeso a m'mbuyomu, ndi momwe umalembera komwe watenga mfundo mu asainimenti, chifukwa ku sekondale kuloweza manotsi a aphunzitsi n'kuwabweza momwemo kunali kukhoza, kuno kukopera za munthu osamutchula ndi mlandu. Zimenezi sizilembedwa pa lisiti ya lendi koma kwa ine n'zomwe ndinalipira.

Zipinda zake n'zapakatikati. Mumakhala awiri, bedi lilipo koma matiresi, neti ndi loko wa pa chitseko ubwere nazo wekha. Tebulo ndi limodzi, mogawana. Mawindo ali ndi zitsulo, komabe laputopu kapena foni osaisiya pafupi ndi windo usiku, ku Chikanda anthu amawedza ndi ndodo. Ku Zomba kumazizira mu Juni ndi Julaye makamaka mphepo ikamatsika m'phiri muja, nde amene mukuchokera ku Nsanje, Chikwawa kapena ku Salima bulangete limodzi silikwana, musadzati sitinanene. Nthawi ya dzinja zipinda za kumunsi zimachita chinyezi, khoma limachita chuku ndipo nsapato zikakhalitsa pansi pa bedi zimachita chimodzimodzi. Tinadandaula, anangopaka laimu pamwamba, patapita milungu yochepa chuku chinabwereranso. Kamsewu kolowera kumeneko nako mvula ikagwa ndi matope okhaokha.

Pa nkhani ya madzi ndi mabafa apa nde sindibisa, pamavuta. Madzi a ku Zomba ndi abwino, amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo hosteli ili ndi thanki yosungira moti mpopi ukauma simusowa akumwa. Vuto ndi mabafa, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi atsikana omwe amakhalamo, ndipo chaka chilichonse amawonjezera zipinda koma bafa osawonjezera. Ukakhala ndi kalasi ya m'mawa uyenera kudzuka kusanache kuti ukaike ndowa pa mzere, ukachedwa pang'ono umasankha pakati pa kusamba ndi kufika m'kalasi nthawi yabwino. Zimbudzi amakolopa m'mawa mokha, pofika madzulo zimakhala zosaoneka bwino. Pa ndalama yomwe timalipira izi zikanayenera kukonzedwa kalekale.

Magetsi ndi a mayunitsi ndipo mita ndi imodzi ya hosteli yonse, mumasonkha mofanana. Apa mikangano siyitha chifukwa wina amangotchaja foni pomwe mnzake ali ndi hotipuleti yobisa pansi pa bedi, ayironi ndi kachitsulo kowiritsira madzi, koma mayunitsi akatha onse musonkhenso mofanana. Lamulo loletsa hotipuleti lilipo koma silitsatidwa kwenikweni. Chabwino n'chakuti chipinda chowerengera chija anachiikira sola, nde magetsi akazima mumaunjikana momwemo, kuwala kulipo ndipo masoketi angapo otchajira amagwira. Sabata ya mayeso kasola kameneka n'kofunika kuposa china chilichonse pamalopo. Wi-Fi kulibe, umadalira bando yako kapena ukatsitsiretu zowerenga uli pa kampasi, ndipo zipinda za pakona netiweki imavuta mpaka utuluke panja.

Chakudya pali njira ziwiri. Utha kumaphika wekha, khitchini ilipo ya mbaula, makala ogula wekha. Kapena utha kulipira pa mwezi kuti uzidya zophikidwa ndi amayi awiri omwe amagwira ntchito pompo, nkhomaliro ndi mgonero. Ndiwo zake ndi zomwe mukuzidziwa, nyemba, soya pisi, usipa, matemba a ku Chilwa akapezeka, masamba tsiku lililonse, Lamlungu mpunga wa nkhuku. Si za ku hotela koma n'zophikidwa bwino, nyemba zake si zofumbwa zija tinkadya ku boding'i, ndipo nsima amakupatsa yokhuta. Mafuta okha ndi amene amaumira. Kwa yearo ine ndingalangize kuti semesita yoyamba alipire chakudyachi, chifukwa chake ndi ndalama. Ku sekondale fizi ikalipidwa ndiye kuti wadya teremu yonse, ya m'thumba inali ya sopo ndi mandasi basi. Kuno kwa nthawi yoyamba umagwira ndalama ya mwezi wonse pa Airtel Money kapena Mpamba, pa chiwaya tchipisi chikununkhira, anzako akuti tiye m'tauni, bando yatha, nde pofika pakati pa mwezi anthu amayamba kugonera tiyi. Amayiwa amalola makolo kutumiza ya lendi ndi ya chakudya kwa iwo mwachindunji, mwana n'kungolandira ya zina ndi zina. Makolo mundimvetse, si kuti mwana wanu ndi osakhulupirika, kungoti kugawa ndalama kuti ifike pa 30 ndi luso lomwe palibe anatiphunzitsa. Semesita yachiwiri munthu utazolowera utha kuyamba kuphika wekha, zimatchipa ndithu makamaka ukamakagula zinthu ku msika waukulu wa Zomba mogawana ndi mesho.

Mtengo wa lendi ndi okwererapo kuposa mahosteli oyandikana nawo. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 lendi ku Chikanda yakhala ikungokwera paliponse, nde pamenepo sindingawaloze chala iwo okha. Chomwe chinandipweteka ndi kachitidwe kake. Palibe pepala la mgwirizano lomwe mumasainirana, zonse amalemba m'kope lawo, ndipo anatikwezera lendi pakati pa semesita, kungotiuza pa msonkhano wa Loweruka kuti kuyambira mwezi wa mawa ndi mwakuti. Mwana wa sukulu pakati pa semesita angasamukire kuti? Komanso pa holide amafuna ulipire ndalama yosungira malo olo iwe uli kwanu ndipo katundu watenga yense. Zimenezi sizachilungamo ndipo ndinawauza pamaso. Kumbali ina, omwe amadalira ngongole ya ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, amawamvetsa, amawadikira mpaka ndalama italowa osawatulutsira katundu panja ngati momwe alandilodi ena amachitira, bola uwauze msanga osati kumawazemba. Nde mtima wabwino ali nawo, koma inu mukamalipira pemphani lisiti nthawi zonse ndipo mufunsiretu pamaso pa kholo lanu kuti mtengowu ukhala mpaka liti.

Lamulo la geti lija nalo lili ndi mbali yake yoipa. Nthawi ya mayeso anthu amawerengera pa kampasi mpaka usiku, magulu okambirana amachedwa kutha, koma geti ndi 10 koloko yomweyo, ukachedwa uyimbe foni ndipo m'mawa mwake ukafotokoze. Tinapempha kuti masabata a mayeso okha aziwonjezera ola limodzi, anakana. Apa ndikuona kuti akulakwitsa chifukwa mtsikana kuima panja pa geti usiku kudikira kuti amutsegulire n'koopsa kuposa kumulola kulowa mochedwa. Mlonda alipo koma makiyi sasunga iye. Pobwera kuchokera ku laibulale usiku muziyenda pagulu, njira za ku Chikanda zina zilibe magetsi.

Pali chinthu china chomwe anthu sakonda kuchikamba, kusungulumwa. Milungu yoyamba imawawa. Anzako a ku sekondale amwazikana, wina ali ku Mzuni, wina ku Bunda, wina ku MUST ku Thyolo, ena sanasankhidwe nde umachita manyazi kuwadandaulira. M'kalasi aliyense amaoneka ngati akudziwa chomwe akuchita, ena Chingerezi chawo cha kusukulu zapamwamba, iwe wochokera ku CDSS kapena sukulu ya kumudzi umangokhala phee kuopa kufunsa funso. Pa hosteli pomwe aliyense amangodzitsekera m'chipinda munthu utha kudwala nazo maganizo. Pamalo pano mumadyera limodzi pa khonde, Lamlungu madzulo kumakhala mapemphero achidule omwe sakakamiza, atsikana achisilamu analipo ndipo palibe ankawavutitsa, nde pakutha pa mwezi umakhala ukudziwana ndi aliyense. Mtsikana wina wa chaka choyamba atadwala malungo usiku, amayiwa ndi amene anapeza galimoto n'kupita naye ku Zomba Central Hospital, anakhala naye mpaka kunacha, makolo ake anafika mawa lake kuchokera kutali. Landilodi wongotolera lendi pa foni sangachite zimenezo.

Kwa yearo wamkazi, makamaka amene sanakhalepo yekha kutali ndi kwawo, ndikuipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha mabafa ndi nkhani yokweza lendi ija. Kwa konti amene wazolowera kale kudziyendetsa yekha, kapena amene kosi yake imafuna kugwira ntchito pa kampasi mpaka usiku, malamulo ake amupanikiza, bola akapeze kwina. Malo amatha msanga mayina akangotuluka, koma olo zili choncho musatumize ndalama kwa munthu wa pa WhatsApp amene akuti ndi ejenti musanaone chipinda ndi maso anu kapena kutuma wachibale, chaka chilichonse ma yearo amaberedwa mwanjira imeneyi. Mukafika pemphani chipinda cha mzere wa kumtunda, chomwe sichinayandikane ndi mabafa, ndipo muyang'ane khoma la kuseri kwa bedi musanalipire.